Makalata a Omvera: Kapepala ka Sabata Yoyamba

Moni nonse omvera athu kulikonse komwe muli. Sabata ino makalata ambiri abwera ndi nkhani za ku koleji, poti ana angobwerera kumene ku sukulu. Tiyambe ndi bambo ena a ku Mponela, omwe alemba motere:

"Muulutsi, mnyamata wanga ali chaka choyamba ku yunivesite. Sipanathe ndi sabata yomwe chipitireni, wandiimbira kuti ndimutumizire ndalama zosindikizira course outline. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Fizi ndalipira nditagulitsa soya yense, ya nyumba ndapereka. Nanga ichi ndiye chiyaninso? Kapena wayamba kale kundidyera masuku pamutu?"

Bambo, mtima m'malo. Chinthucho chilipodi, mwana sanapeke. Ndi kapepala ka masamba awiri kapena atatu komwe mphunzitsi aliyense amayenera kupereka phunziro lake likamayamba. Pamenepo pamalembedwa dzina la phunzirolo, mitu yomwe adzaphunzire sabata ndi sabata, mabuku oti awerenge, nthawi yomwe mphunzitsiyo amapezeka mu ofesi, komanso kagawidwe ka malikisi. Ku sekondale zoterezi sitinkazifuna chifukwa silabasi ndi imodzi kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndipo mayeso a Fomu 4 amachokera ku MANEB. Ku yunivesite, wophunzitsa ndi yemweyo, wofunsa mayeso ndi yemweyo, wochonga ndi yemweyonso. Choncho kapepalako ndiye kamene kamamuuza mwana wanu chimene akuyembekezeka kuchita.

Koma pa nkhani ya ndalamayo, musamasule thumba msanga. Masiku ano aphunzitsi ambiri amangotumiza pa gulu la WhatsApp la kalasi, ena amaika pa masamba a pa intaneti ophunzirirapo monga Moodle kapena Google Classroom. Ngakhale atasindikiza a maphunziro onse, mtengo wake sungakugulitsitseni mbuzi. Muuzeni akujambulireni tsamba limodzi akutumizireni, kenako akuuzeni mtengo wa tsamba. Akayamba chibwibwi, mwina ndalamayo ndi ya chipisi.

Kalata yachiwiri ndi yaitali, ndaidula. Yachokera kwa mtsikana wa chaka chachiwiri, amene wapempha kuti tisatchule sukulu yake.

"Teremu yatha aphunzitsi athu ena anatilonjeza tsiku loyamba kuti outline ibwera mawa. Mawa lakelo silinafike. Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lachinayi madzulo, anangoti Lolemba kuli test ya malikisi 20. Sitinkadziwa kuti ichokera pati, ambiri tinagwa nayo. Class rep wathu, woimira kalasi yathu, amaopa kufunsa, akuti amuika chizindikiro. Ine ndinakalemba sapu, mayeso obwereza aja, mnzanga wa m'chipinda anawididwa, ndiye kuti anachotsedwa sukulu chifukwa cholephera. Teremu ino atiphunzitsanso omwewo. Titani?"

Achemwali, pepani kwambiri, makamaka za mnzanuyo. Apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa makalata otere si oyamba kufika pano.

Choyamba dziwani kuti simukupempha chifundo. Phunziro la ku yunivesite silingoyamba chifukwa mphunzitsi wadzuka nalo. Limalembedwa, likambidwa ku dipatimenti, livomerezedwa ndi senate, komiti yaikulu yoona za maphunziro pa sukuluyo, ndipo bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la NCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limayendera masukulu kukaona ngati zophunzitsidwa zili m'malo mwake. Tanthauzo lake n'lakuti pepala lomwe mukulifunalo lilipo kale, lili mu kompyuta kapena mu kabati ya ku dipatimenti. Chasowa ndi munthu wolitulutsa basi.

Tsono musadikirenso sabata yachisanu ndi chimodzi. Sabata yoyamba yomweyi, class rep asapite yekha, mumuperekeze awiri kapena atatu. Mukafike mwaulemu, "Sir, timati tikumbutse za outline ija," ndipo mutumizenso uthenga wolemba kuti pakhale umboni wa tsiku. Sabata yachiwiri ikatha kuli zii, kagogodeni kwa mkulu wa dipatimenti. Imeneyo ndi ntchito yake, si miseche ayi. Chomwe ndikukuletsani ndi kuthamangira pa Facebook kukatukwana munthu ndi dzina. Kumeneko mukapezako anthu okuombereni m'manja, koma malikisi anu sakasintha.

Mukalilandira, musayambe ndi tsamba loyamba. Pitani pomwe alemba za malikisi. Ngati ntchito za mkati mwa teremu zili ndi 40 ndipo mayeso omaliza ali ndi 60, ndiye kuti test yanu ija ya 20 inali theka la zonse zomwe mukanalowa nazo m'chipinda cha mayeso. Mukanadziwa zimenezi sabata yoyamba, mukanayamba kukonzekera msanga. Lembani masiku a ma test ndi ma assignment onse papepala limodzi, mulimate pakhoma pafupi ndi bedi.

Ena amakabwereka outline kwa a chaka cha patsogolo. Si zoipa, koma muziona tsiku lake. Ndinaonapo mnyamata wina m'minibasi ya ku Limbe atagwira fotokope yofiira ndi fumbi, pamwamba palembedwa The Polytechnic. Dzinalo linatha mu 2021 pomwe University of Malawi inagawidwa n'kubadwa MUBAS, yomwe ndi Polytechnic yakaleyo, ndi KUHeS, yunivesite ya zaumoyo. Pepala lakalekale chotero likhoza kukuwerengetsani mitu yomwe inachotsedwa.

Kuti tisaoneke ngati tikukondera, nayi kalata ya mphunzitsi wa pa yunivesite ina ya mpingo.

"Muulutsi, muwauzenso ana anuwa kuti aziwerenga. Ine ndimapereka outline tsiku loyamba, ndi papepala pomwe. Koma 11 koloko usiku foni imalira, 'Sir, assignment tipereka liti?' Tsiku lili pa tsamba lachiwiri. Ena ndimawapeza atakulungira mandasi."

Aphunzitsi, mwandiseketsa ndi mandasiwo, ndipo dandaulo lanu ndi lomveka. Ophunzira, mwamva. Munthu wamkulu sitimuimbira usiku pa zinthu zomwe anatilembera kale.

Komabe ndili ndi kafunso kwa inu, mundikhululukire. Kodi mumawerenga nawo limodzi, kapena mumangogawa n'kuyamba phunziro? Ganizirani yearo, wophunzira wa chaka choyamba, wochokera ku CDSS ya kumudzi, amene moyo wake wonse amakopera notsi pa bolodi. Akaona mndandanda wa mabuku khumi, sadziwa kuti ofunika kwenikweni ndi awiri, enawo ndi ongoonjezera. Akapita ku laibulale apeza kuti buku loyambalo lilipo limodzi lokha, ndipo wina analibwereka kale. Amagwa mphwayi pomwepo, pepalalo n'kuliponya pansi pa sutikesi. Mphindi 15 za tsiku loyamba zikanakwana kumuuza buku loti ayambire, komwe angalipeze, ndi zomwe zimachitika akachedwetsa ntchito. Ndipo ngati tsiku la test lasintha, zomwe zimachitika ndithu magetsi akavuta kapena kukagwa maliro, lengezani m'kalasi ndi pa gulu pomwe, poti si onse amakhala ndi bandulo tsiku lililonse.

Tipume kaye ndi nyimbo. Tikabwerera tiwerenga kalata ya mayi a ku Ntcheu omwe akufunsa za ngongole ya ophunzira, akuti dzina la mwana wawo silinatuluke.