Mlandu sumayambira m'khoti

Zikomo aGulupu, mafumu nonse, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwaima kumbuyoko. Ine ndine mwana wanu wa konkuno, pulayimale ndinaimba kuno ku Chikwawa, ena mwa inu munkandiona ndikupita kudimba ndi mayi. Zamalamulo ndinakaphunzira ku Chanco ku Zomba, zaka zinayi, ndipo ukamaliza sikuti basi wakhala loya ayi, mpaka akuvomereze a Chief Justice, mkulu wa majaji onse, ulumbire, kenako laisensi kumakonzanso chaka ndi chaka. Atsikana mukundimva? Mayi Vera Chirwa anali mzimayi woyamba kukhala loya m'Malawi muno, njira inalambulidwa kale.

Nde anthu akamva kuti loya wa milandu amaganiza mkanjo wakuda uja ndi chizungu chambiri pamaso pa jaji. Ine panopa chaka chachiwiri pantchito, kuima m'khoti ndi kachigawo kochepa chabe, nthawi yambiri ndimakhala ndi mafayilo, kulemba, kusaka mboni, mwina wakwera minibasi m'mamawa kuchoka ku Blantyre kutsika phiri lija mpaka ku Nsanje thukuta lili kamukamu, kungofika akuti mlandu auimitsa mubwerenso mwezi wamawa.

Koma chondipweteka kwambiri si chimenecho. Anabwera mayi wina wamasiye, achibale a malemu amulanda mbuzi ndi munda. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye likuti kulanda katundu choncho ndi mlandu, ndiye lamulo linali mbali yake. Ndikumufunsa mapepala, akuti mwanawe zonse zinapita ndi madzi a namondwe Freddy mu 2023, kalata ya amfumu, malisiti, zonse. Anatulutsa kansalu komangamo chiphaso chimodzi chofufuma, inki itasungunuka. Tinavutika miyezi kusaka anthu oti aikire umboni, ena anasamukira kumtunda.

Chonde, pepala lililonse, la munda, la ngongole, la ukwati, likulungeni mu jumbo muike pamwamba kudenga, mwana alijambulenso pafoni. Mukagulitsana malo lemberanani pamaso pa amfumu ndi mboni. Chisamani chikabwera osachibisa pansi pa mphasa, mukapanda kupita mlandu utha kugamulidwa inu kulibe. Wachibale akamangidwa, lamulo likuti afike kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere, osalipira. Ngati ndalama ya loya palibe kuli a Legal Aid Bureau, ndi aboma, amathandiza anthu osauka pa milandu.

Eya agogo, ndaona mwakweza dzanja, funsani ngakhale m'Chisena, ndikumva.