N'chifukwa chiyani mphira ikakalamba imauma?

[Kamera ili pamsika wa Lizulu. Wakabaza akumanga thumba la mbatatesi ndi legeni.]

Muli bwanji nonse otitsatira? Taonani legeni iyi. Ikadali chubu chatsopano inali yofewa, koma lero kuikoka pang'ono yayamba kale kung'aluka. Dzuwa ndi mpweya zili ndi mbali yake. Chinanso n'chakuti zimene zinkaifewetsa zinachokamo.

Utomoni wa mtengo wa mphira, monga umene amakolola ku Vizara ku Nkhata Bay, sungapange tayala pawokha. Kufakitale amathiramo carbon black, ufa wakuda ngati mwaye, kuti ilimbe, ndi salufa amene amalumikiza tizingwe tosaoneka ndi maso timene timapanga mphirayo ikatenthedwa, njira imene Charles Goodyear anatulukira mu 1839. Koma carbon black akachuluka, chosakanizacho chimalimba moti makina amavutika kuchikanda. N'chifukwa chake amathiramonso mafuta.

Vuto la mafuta ndi loti salufa sawagwira. Paja mlendo ndi mame. Amangokhala pakati pa tizingweto, ndipo tayala likamatentha mu M1 chaka ndi chaka, amasuntha pang'onopang'ono n'kutuluka. Ena mwa mafuta akalewo analinso ndi mankhwala oyambitsa khansa, moti bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union linawaletsa m'matayala kuyambira mu 2010.

[Pasikirini: botolo la zinthu zonanda.]

Izi ndi mphiranso, koma yamadzimadzi, monga liquid polybutadiene. Tizingwe take n'tatifupi, n'chifukwa chake imayenderera. Pokanda imafewetsa ngati mafuta aja. Ikalowa pamoto ndi pamene pamaoneka kusiyana: salufa amaigwira n'kuilumikiza ku mphira inzake, basi yakhazikika. Siituluka wamba, ndipo tayala limachedwa kuuma.

Imathandizanso pozizira. Inu a ku Dedza mukudziwa mmene payipi ya mphira imaumira m'mawa wa mu Julaye. Polybutadiene amakhalabe wofewa ngakhale kuzizire koopsa, ndiye opanga matayala a m'mayiko ogwa chipale amamukonda.

Komatu musaitame msanga. Ndi yodula kuposa mafuta. Imadyakonso salufa amene akanamanga tizingwe tatitali, choncho akapanda kuwonjezera salufayo, mphira imatuluka yofewa mopitirira. Nsonga za tizingwe tatifupi tija zimatsalanso zili lendelende, ndipo zingachititse tayala kutentha kwambiri poyenda. Kwa ine, pa legeni yomangira katundu kungakhale kuwononga ndalama. Pa tayala la minibasi yonyamula anthu kupita ku Lilongwe, pamenepo ndiye mtengowo ukumveka.