Makalata a Omvera: Nduna Yosavoteredwa Imayankha kwa Ndani?

Kalata yotsatira yachokera kwa mayi wina wakwathu kuno amene akugwira ntchito ya unamwino ku Leeds, m'dziko la Britain. Akuti: "Bambo muulutsi, mu 2023 David Cameron anakhala nduna yoona za maiko akunja pomwe sanali phungu. Anangomupatsa mpando ku House of Lords. Nanga phungu amene ine ndinamuvotera akanamufunsa bwanji munthu wotereyu?"

Zikomo mayi, funso lanu n'lomwenso linavutitsa aphungu a ku London. Mamembala a House of Lords, nyumba yachiwiri ya malamulo ku Britain, savoteredwa ndi anthu, ndipo mwambo wawo sulola kuti membala wa nyumbayi akayankhule m'chipinda cha aphungu, House of Commons. Choncho Rishi Sunak, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, atamusankha Cameron mu Novembala 2023, mafunso a aphungu ankayankha ndi Andrew Mitchell, nduna ya pansi pake yomwenso inkayang'anira za Africa ndi thandizo la chitukuko. Nthawi imeneyo nkhondo ya ku Gaza inali itangobuka, ya ku Ukraine ili mkati.

Aphungu anayesetsa. Kumayambiriro kwa 2024 komiti yawo yoona za ndondomeko inapempha kuti Cameron aziima pa mzere wa kukhomo kwa chipindacho, pamene pamalekezera alendo, n'kumayankha ali pomwepo. Boma linakana. Linati akuyankha kale kwa anzake a ku Lords komanso ku makomiti a aphungu.

Ineyo yankho limenelo silindikhutiritsa. Ku komiti kumakhala aphungu ochepa, ndipo tsiku lake limakonzedweratu. Kukagwa zadzidzidzi, phungu wa ku Leeds amafuna mwini nkhani ayankhe tsiku lomwelo, anthu akuonera. Wotumidwa akhoza kufotokoza bwino, koma si iye anagamula. Lord Carrington, nduna yoona za maiko akunja yomwenso inali membala wa ku Lords, anakumana nazo mu 1982: Argentina italanda zilumba za Falkland, sanathe kukadziyankhira m'chipinda cha aphungu, omwe anali okwiya, ndipo anatula pansi udindo.

Kwathu kuno, mayi, Pulezidenti amatha kusankha nduna yomwe si phungu, koma malamulo aakulu a dziko amati nduna iliyonse izipezeka ku Nyumba ya Malamulo kukayankha mafunso. Nyumba yachiwiri ya malamulo, Seneti, yomwe inalembedwa m'malamulo a 1994, inachotsedwa mu 2001 isanakhalepo n'komwe. Pamenepa ndikuona kuti a ku Britain ndiwo ayenera kukonza: amene walandira unduna avomerenso kufunsidwa ndi ovoteredwa.

Mukamulembere phungu wanuyo, mumufunse ngati angathandize kusintha mwambowu. Akakuyankhani mudzatitumizire, tidzawawerengere omvera.