Akuyezani matenda pompopompo, nanga zotsatira zanuzo zikupita kuti?

[Kamera pa dzanja, lagwira kapulasitiki koyezera malungo]

Moni nonse, lero tili kuno ku Nkhotakota ndipo dzuwa lake silikusewera. Kapulasitiki aka mukukadziwa. Azaumoyo akubayani pachala, kadontho ka magazi apa, timadontho ta mankhwala apa, mphindi 15 kapena 20 basi, pakatuluka mizere iwiri ndiye kuti malungo alimo, osachita kukwera kabaza mpaka kuboma kukafuna maikulosikopu.

Zinthu zikulowera komweko abale, labu ikusendera pafupi ndi wodwala. Pa TB pali makina otchedwa GeneXpert, WHO inawavomereza mu 2010, mumapereka makhololo, amawathira mu kakatiriji, pakatha maola awiri adziwa ngati TB ilipo komanso ngati ndi ija yosamva mankhwala a rifampicin. Nanga makanda obadwa kwa amayi omwe ali ndi HIV? Magazi amadonthezera pa kapepala, kuumitsa, kutumiza pa njinga yamoto ku labu yakutali, mayi n'kudikira masabata mtima uli m'mwamba, ena osabweranso n'komwe. Pomwe pali makina ngati m-PIMA yankho limatuluka ola lisanathe, mwana n'kuyamba mankhwala tsiku lomwelo.

Koma makinawa amafuna magetsi, ndipo kutentha kwa kunyanja kuno sagwirizana nako, GeneXpert imafuna chipinda chosapitirira madigiri 30. Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi kaodzera, uja amabwera ndi kashembe m'midzi yoyandikana ndi nkhalango yathuyi. Mtundu wa kuno, rhodesiense, ulibe kachipangizo kachangu ngati aka, umafunabe maikulosikopu, pomwe poyamba umangooneka ngati malungo.

[Kamera pa helefi pasipoti yakutha m'mbali]

Tsopano nayi nkhani yomwe ndabwerera. Tinazolowera kuti zotsatira amalemba m'kabuku aka, mumakasunga nokha mu jumbo pansi pa matiresi. Makina atsopanowa amatha kulumikizidwa ku intaneti n'kumatumiza okha zomwe apeza, ma HSA ena, alangizi a zaumoyo a m'midzi aja, akulemba pa tabuleti, ziwerengero n'kukalowa mu DHIS2, pulogalamu ya pa kompyuta imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsiramo ziwerengero. Ubwino ulipo ndithu. Amene munaona kolera ya 2022 ndi 2023 mukudziwa kufunika koti akuluakulu adziwe lero lomwe kuti matenda abuka mudzi uti.

Koma kunena kuti ku Dwangwa kwapezeka odwala angapo ndi nkhani ina, kutumiza dzina lanu, mudzi wanu ndi nambala yanu ya foni ndi nkhani inanso. Kuno foni imodzi timagwiritsa ntchito banja lonse, nthawi zina ili pa tchaji pa okala, ndiye tangoganizani meseji ya zotsatira za HIV ikufika foni ili m'manja mwa apongozi, kapena wina wajambula kapulasitiki kolembedwa dzina lanu n'kuponya pa gulu la WhatsApp poti akufuna thandizo mwachangu. Cholinga chabwino, koma chithunzicho sichibwereranso. Nanga seva yosunga zonsezi ili m'dziko muno kapena kunja, ndipo kampani yopanga makina ikuonapo chiyani? Amenewa ndi mafunso ofunika kuyankhidwa makina asanagulidwe.

Lamulo lilipo. Data Protection Act ya 2024 imaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kutetezedwa mwapadera, ndipo woyang'anira ndi MACRA. Lamulo la HIV la 2018 nalonso limaletsa kuulula za munthu mwachisawawa.

Ndiye mukapita kukayezetsa akakufunsani nambala ya foni, musachite manyazi, funsani kuti adokotala, meseji ibwera yotani, itchula matenda kapena ingoti bwerani kuchipatala? Ngati foniyo mumabwerekana, auzeni kuti mudzabwera nokha kudzamva.