Nsapato zilowe, thabwa litsale panja: nkhondo ya achinyamata a skateboard

[Pa sikirini: mnyamata akudumpha masitepe ndi skateboard, mlonda akubwera poteropo]

Takulandirani anzathu owonera. Kuyambira mu 1978 mpaka mu 1989, dziko la Norway linaletsa skateboard. Sikuti kusewera kokha ayi: kugulitsa, kuitanitsa kunja, ngakhale kungokhala nayo, unali mlandu. Boma linachita mantha ndi malipoti a ana ovulala ku America. Achinyamata sanamve zimenezo. Ena ankazembetsa matabwa pamalire, ena n'kumakhoma okha, ndipo posewerera ankamanga kunkhalango, komwe apolisi sakanafika msanga.

Kwa amene simunaione pafupi, skateboard ndi kathabwa ka matayala anayi, pamwamba pake pomatidwa pepala lokhakhala lamchenga kuti phazi lisaterereke. Nkhani ya zovala ikuyambira pa pepala limenelo.

[Pa sikirini: phazi likukwera thabwa pang'onopang'ono, nsapato yobooka m'mbali]

Onani phazi lakutsogololo. Kuti thabwa lidumphe popanda kuligwira ndi manja, kadumphidwe kotchedwa ollie, wosewera amaponda kumchira, kenako n'kukhwekhwereza mbali ya nsapato papepala lija. Nsapato wamba sichedwa kubooka. N'chifukwa chake anthu amenewa amafuna nsapato yapansi pafulati, yalabala wogwira bwino, yachikopa cholimba m'mbalimu. Kampani ya Vans, yomwe inayamba mu 1966 ku Anaheim ku California, inatchuka motero, ndipo mu 1976 inatulutsa nsapato ya Era mothandizana ndi osewera awiri, Tony Alva ndi Stacy Peralta. Buluku lotaya nalo lili ndi ntchito yake: bondo lipindike momasuka, ndipo ukagwa khungu lisasupuke kwambiri.

Zinayamba ngati zida zantchito, koma lero ndi fashoni. Juzi yolembedwa Thrasher ndi zilembo zoyaka moto, mwina munaitolapo pa kaunjika osadziwa kuti limenelo ndi dzina la magazini ya skateboard yomwe inayamba mu 1981 ku San Francisco. Kampani ya zovala ya Supreme inali kashopu ka osewera ku New York mu 1994. Mu 2020 inagulitsidwa pa madola 2.1 biliyoni. Mu 2021 masewerawa analowa mu Olimpiki ku Tokyo, mtsikana wa zaka 13, Momiji Nishiya, n'kutenga golide.

Ndiye chovalacho chimalowa paliponse, mu ofesi, m'shopu zodula. Mwini wake akangoika thabwa pansi, mlonda uyo. Amene munaonapo mavenda akuthamangitsana ndi a khonsolo m'tauni, chithunzi chake n'chomwecho. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 achinyamata akhala akumata ndi kuvala mawu akuti "Skateboarding is not a crime", kukana kuti kusewera kwawoku si mlandu.

Tisawanamizire a khonsolo, madandaulo awo ena ndi oona. Zitsulo zapansi pa thabwa zimakumba miyala ya mabenchi, phokoso lilipo, ndipo agogo oyenda ndi ndodo sangasangalale mnyamata akawadutsa ngati mphepo. Funso n'lakuti, kodi yankho ndi chindapusa basi?

[Pa sikirini: chosema cha zilembo zofiira za LOVE, kasupe wamadzi kumbuyo]

Tipite ku Philadelphia. Pakati pa mzindawu pali bwalo lotchedwa LOVE Park, lomwe linamangidwa m'zaka za m'ma 1960. Silinamangidwire skateboard, koma miyala yake yosalala, masitepe ndi timakhoma tofika m'bondo zinali ngati anachita kuyeza. M'zaka za m'ma 1990 osewera monga Ricky Oyola, Josh Kalis ndi Stevie Williams analitchukitsa kudzera m'mavidiyo, anthu n'kumakwera ndege kudzangoona bwalolo. Mzinda unadyerera kutchuka kumeneku pochititsa mpikisano wa X Games mu 2001 ndi 2002. Koma mu 2002 momwemo, meya John Street anatseka bwalo kuti alikonze, ndipo potsegula munali udzu, miphika yamaluwa ndi mabenchi amatabwa m'malo amene anyamata ankatsetsereka. Wogwidwa akusewera ankatha kulipira madola 300.

Tsopano imvani izi. Mu Okutobala chaka chomwecho, Edmund Bacon, katswiri wokonza mizinda amene anaganiza za bwaloli, anabwera ali ndi zaka 92, chisoti kumutu, anthu atamugwira mikono uku ndi uku, n'kukwera skateboard pamaso pa atolankhani. Nkhalamba kuphwanya lamulo dala pabwalo lake lomwe! Mu 2004 kampani ya nsapato ya DC Shoes inalonjeza madola 1 miliyoni okonzera chilichonse chowonongeka ngati osewera aloledwa kubwerera. Mzinda unakana. Chilolezo chinabwera mu Febuluwale 2016, cha masiku ochepa chabe, meya Jim Kenney atati asewere komaliza makatapila asanagumule bwalo.

Osewera a ku Philadelphia anali ndi ndalama, anali ndi dzina, anali ndi mdala wolemekezeka, koma analuza. Ku London zinayenda mwina, ndipo kwa ine apa ndiye pagona nkhani.

[Pa sikirini: nsanamira zakonkire zodzaza ndi zojambula, mtsinje wa Thames chapafupi]

Pansi pa holo ya Queen Elizabeth Hall ku Southbank pali malo amdima, akonkire yekhayekha, amene achinyamata akhala akusewerapo kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Mu 2013 eni malo, a Southbank Centre, analengeza pulani ya mapaundi 120 miliyoni. Pamalo a anyamata paja panayenera kubwera mashopu ndi malesitilanti, iwo n'kusamutsidwira pansi pa mlatho wa Hungerford. Kunena zoona, pamapu si patali. Osewera anati mbiri sisamutsidwa.

Anayambitsa gulu la Long Live Southbank, n'kuika tebulo pamalo pomwepo, tsiku ndi tsiku, mvula kaya dzuwa, kulankhula ndi aliyense wodutsa. Olembetsa anakwana pafupifupi 150,000, ambiri mwa iwo oti sanakwerepo thabwa. Ankagulitsa matisheti a gululo kuti apeze ndalama zoyendetsera nkhondoyo. Koposa zonse, anaphunzira malamulo a kamangidwe ka mzinda, aja otopetsa kuwerenga. Anapeza maloya, anapempha khonsolo ya Lambeth kuti malowo alembedwe ngati chuma cha anthu a m'deralo, ndipo makalata zikwizikwi otsutsa pulani ija anakawatula kukhonsoloko atakwera ma skateboard awo. Chikwangwani cha zionetsero khonsolo ikhoza kungochiyang'ana, koma kalata yotsutsa pulani imalowa mufayilo.

Mu Januwale 2014 meya wa London wa nthawi imeneyo, Boris Johnson, ananena kuti malowo asasunthe. Pulani inaima. Mu Seputembala mbali ziwirizi zinasainirana pangano loti osewera akhalepo. Kenako omwe ankakokanakokana aja anayamba kusonkha ndalama limodzi, ndipo mu Julayi 2019 anatsegulanso chigawo china cha malowo chomwe chinakhala chotchingidwa kwa zaka zoposa khumi.