Kodi magemu onse adzakhala a dziko lotseguka? Zomwe zinakambidwa pa msonkhano wa makolo ndi achinyamata ku Mangochi

Zikomo a Mfumu, zikomo a wapampando, makolo anga nonse, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwadzazana kumbuyoko. Asalamu aleikumu, moni nonse. Mwaswera bwanji?

Nkhani yanga ndi ya magemu, awa a pa foni, pa kompyuta ndi pa PlayStation. Ndikuona agogo ena akwinya kale nkhope kuti kodi tasiyira ntchito zathu zimenezi? Pirirani pang'ono agogo, chifukwa chenji chomwe chimasowa mukatuma mdzukulu kumsika nthawi zina chimathera komweko, ndiye ndi bwino mudziwe chimene akugula.

Funso lachokera kwa achinyamata omwewa. Akuti masiku ano gemu iliyonse yotchuka ikumakhala ya open world, ya dziko lotseguka, ndiye kodi m'tsogolo muno magemu onse adzakhala otero? Yankho langa ndi ayi. Koma ayi wake ngwofunika kumufotokoza.

Tiyerekeze kuti wina wapanga gemu yochitikira kuno kwathu. Mu mtundu woyamba, gemuyo ikukuuzani kuti yambirani pa boma, muwoloke mlatho wa Bakili Muluzi, mukapereke kalata ku Namwera. Mukapatuka, mupeza mpanda kapena mtengo wogwa wakutsekerani. Mukapereka kalatayo mwamaliza levulo, mulowe ina. Wopanga gemu anakonzeratu chilichonse chomwe muone ndi nthawi imene muchione. Mu mtundu wachiwiri, kalata ija akupatsanibe, koma palibe wokukakamizani. Mukafuna mutha kuiika m'thumba, n'kutenga bwato kutsika Shire mpaka ku Malombe, kapena kukwera njinga kupita ku Monkey Bay kukadikira Ilala, kapena kungokhala padoko n'kumagula usipa. Dziko lonse lili chitsegukire, ndipo zochita mukusankha ndinu. Umenewu ndiye mtundu womwe anyamatawa akuukamba.

Sakunama kuti ndi wotchuka. Amene munalowapo m'tizipinda tija ta magemu mukuidziwa GTA San Andreas, ya mu 2004. Ana ambiri amene amaisewera sadziwa n'komwe kuti ili ndi nkhani yake. Iwo bola kuba galimoto, kuthamangitsidwa ndi apolisi, nthawi yomwe analipira yatha. Inzake ya GTA V inatuluka mu Seputembala 2013 ndipo m'masiku atatu okha inalowetsa madola 1 biliyoni. Pofika lero yagulidwa koposa 200 miliyoni. Minecraft, yomwe anaiyamba munthu mmodzi wa ku Sweden dzina lake Markus Persson mu 2009, inapitirira 300 miliyoni, ndipo Microsoft inagula kampani yake mu 2014 pa madola 2.5 biliyoni. Eni makampani akaona ndalama zotere, aliyense amafuna dziko lakelake lotseguka.

Komatu maganizowa si atsopano. Mu 1984 anyamata awiri a ku England, David Braben ndi Ian Bell, anatulutsa gemu yotchedwa Elite. Unkayendetsa chombo cha m'mlengalenga, kugula katundu uku n'kukagulitsa uko, kapena kusanduka wachifwamba ukafuna. Munali maiko oposa 2,000, koma kompyuta yake inali ndi memori ya makilobaiti 32 basi. Chithunzi chimodzi cha pa foni yanuyo ndi chachikulu kuposa pamenepo. Anatha bwanji? Sanajambule dziko lililonse pamanja. Analemba masamu oti kompyuta izidzipangira yokha maikowo. Mu 1986 a Nintendo ku Japan anatulutsa The Legend of Zelda, momwe amangokuponya pakati pa thengo osakuuza kolowera. Ndiye chinthu chomwe chakhalapo zaka 40 sitingachitche kuti ndi cha m'tsogolo. Chinakula basi, makamaka kuyambira pa GTA III mu 2001, makina atapeza mphamvu zonyamula mzinda wathunthu.

Tsopano tibwerere ku gemu yathu ya Mangochi ija, tione mtengo wake. Mu mtundu woyamba, wopanga akujambula msewu umodzi wa ku Namwera ndi za m'mbali mwake. Mu wachiwiri, popeza sakudziwa komwe mulowere, ayenera kujambula zonse: nyumba iliyonse ku Mpondasi, bwato lililonse, mlambe uliwonse, mbuna za pansi pa madzi ku Cape Maclear, ndi mawu amene mayi wogulitsa chambo ayankhe mukamunenerera mtengo. Ayeneranso kuganiza kuti nanga wosewerayo akalowetsa njinga m'bwato? Nanga akamenya munthu amene amayenera kumupatsa kalata ija? Chilichonse chotere pamafunika munthu woti achilembe ndi wina woti achiyese. N'chifukwa chake gemu ya dziko lotseguka yotchedwa Red Dead Redemption 2, yomwe inatuluka mu 2018, inatenga zaka pafupifupi 8 ndi anthu oposa 1,000, ndipo nkhani zinamveka za antchito ogwira mpaka usiku kwa miyezi. Kuchokera 2013 eni GTA anatha zaka zoposa 10 osatulutsa GTA yatsopano. Mwana amene anali sitandade 1 nthawi imeneyo anafika ku sekondale akudikirabe.

Ndipo zikavuta zimavutiratu. Cyberpunk 2077 inatuluka mu Disembala 2020 ili ndi zolakwika zosawerengeka, anthu kumira m'makoma, magalimoto kuuluka okha, mpaka kampani ya Sony, eni PlayStation, inaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti kwa miyezi pafupifupi 6 ndi kubweza ndalama kwa ogula. Kampani yaing'ono ikagwa chonchi nthawi zambiri siidzukanso. Ndiye makampani amene angakwanitse magemu otere ndi owerengeka, ndipo poopa kutaya ndalama amangobwereza zomwe zinayendapo kale.

Apa ndi pomwe ine pamandikwiyitsa. Mutsegula mapu, mupeza tizizindikiro mbwee. Kwerani nsanja iyi. Tolani nthenga 100. Thamangitsani adani pa msasa uwu, kenako pa msasa wina wofanana nawo ndendende. Magemu a Assassin's Creed ndi Far Cry anthu akhala akuwadandaula pa zimenezi. Amati muli ndi ufulu, koma zoona zake mwalembedwa ganyu yopanda malipiro. No Man's Sky ya mu 2016 inalonjeza maiko ochuluka moti nambala yake ndi 18 yotsatiridwa ndi maziro 18. Anthu anaigula mwa chipwirikiti, koma atayendera maiko khumi anapeza kuti la khumi ndi chimodzi silikusiyana kwenikweni ndi loyamba. Eni ake anatha zaka akuikonza kuti anthu ayambenso kuikonda, ndipo chimene anawonjezera kwambiri si malo ayi, koma zochita.

Madala muli panowa, bawo lili ndi maenje angati? [Anthu: 32!] Njere zake? [64!] Thabwa lake mwana atha kulinyamula kukhwapa. Koma alipo pano amene anganene kuti bawo analimaliza? Mwasewera kuyambira muli anyamata mpaka imvi, ndipo tsiku lililonse mnzanu amakudyani m'njira imene simunaiyembekezere. Chimakubwezani pansi pa mtengo paja si kukula kwa thabwa. Ndi chakuti dzanja lililonse lomwe mwasankha lili ndi zotsatira zake, mukatakata molakwika mulira. Magemu a pa kompyuta nawonso amayezedwa chimodzimodzi.

Ndipo magemu a dziko lotseguka amene anthu amawalemekezadi ndi omwe anamvetsa zimenezi. Mu Zelda ya mu 2017, yotchedwa Breath of the Wild, phiri lililonse lomwe mukuliona mutha kulikwera, koma mvula ikagwa mwala umaterera. Mukayatsa moto pa udzu, mphepo imaufalitsa. Mukanyamula lupanga lachitsulo kukuchita ziphaliwali, mphezi ikupezani. Mukangomaliza chigawo choyamba mutha kulunjika kwa mdani wamkulu womaliza, palibe wokuletsani, kungoti akuphani msanga. Elden Ring ya mu 2022 nayo siidzaza mapu ndi zizindikiro. Mdani akakukanikani mumamusiya, n'kukazungulira kwina, n'kudzabwera mutakhwima. Awiriwa analandira mphoto ya gemu yopambana pa chaka ku The Game Awards. Koma onaninso ena omwe analandira mphoto yomweyo. Mu 2018 God of War, yomwe si ya dziko lotseguka kwenikweni, inagonjetsa Red Dead Redemption 2 ija ndi ukulu wake wonse. Mu 2021 inapita kwa It Takes Two, gemu ya anthu awiri yoyenda njira imodzi. Mu 2024 inapita kwa Astro Bot, ya kaloboti kodumphadumpha m'malevulo aafupiafupi. Ngati dziko lotseguka likanakhala kuti lameza zonse, amenewa sakanaoneka.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Kwezani manja amene muli ndi PlayStation 5 kunyumba. [Kuseka] Chabwino. Amene munaseweretsapo gemu pa foni, yanu kapena yobwereka? Mwaona manjawo a Mfumu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Si kuno kokha: pafupifupi theka la ndalama zonse za magemu pa dziko lapansi zimachokera pa mafoni. Red Dead ija pa kompyuta imafuna malo a magigabaiti 150. Werengerani nokha mabandulo angati amenewo, ndipo magetsi akazima muli pakati mumayambira pati. Alipo magemu a dziko lotseguka a pa foni, monga Genshin Impact ya mu 2020, koma foni zathu zambiri zimatentha, batire n'kutha musanafike patali. Zomwe ana athu amasewera ndi mpira, Free Fire, PUBG, Candy Crush, zoti mphindi khumi kapena makumi awiri mwathana nazo. Amene akufuna kudziwa komwe magemu akulowera asayang'ane ku America ndi ku Japan kokha. Ayang'anenso anthu mamiliyoni a mu Africa ndi ku India amene gemu yawo yoyamba anaiona pa foni yotsika mtengo.

Makolo, pali ziwiri zomwe zikukukhudzani. Gemu ya malevulo ili ndi popumira, mutha kumuuza mwana kuti ukamaliza pamenepo ukatunge madzi. Ya dziko lotseguka ilibe malekezero otere, nthawi zonse pamakhala kena kotsatira, ndipo ena mwa magemuwa amaperekedwa ulere dala kuti mwana akazolowera ayambe kugula zovala ndi zida za m'gemumo ndi ndalama zenizeni. Choncho malire muike ndinu, ndipo akhale a nthawi, osati a levulo. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2019 linavomereza kuti kumwerekera ndi magemu ndi matenda, koma likunena za munthu amene wasiya sukulu, ntchito ndi tulo kwa nthawi yaitali, osati aliyense wogwira foni. Chinacho ndi nambala imene imalembedwa pa chikuto cha gemu: 3, 7, 12, 16 kapena 18. Ndi zaka za woyenera kusewera. GTA yonse ija ndi ya 18. Inu eni tizipinda ta magemu, ndikudziwa ena muli pompano, mwana wa sitandade 4 mpatseni gemu ya mpira.

Pali gemu ina ya dziko lotseguka yomwe ndikufuna muidziwe, Far Cry 2, ya mu 2008. Inapangidwa ku Montreal, m'dziko la Canada, koma nkhani yake imachitikira m'dziko la mu Africa lomwe sanalitchule dzina. Mumapezamo nkhondo, miyala ya dayamondi, mfuti zadzimbiri, ndipo munthu amene mukumuyendetsayo akudwala malungo, ayenera kumasaka mankhwala kuti asakomoke. Ngati gemu, ndi yopangidwa mwaluso. Koma Africa wake ndi ameneyo: nkhondo ndi malungo. Mulibe ukwati, mulibe msika wa anthu akuseka, mulibe mwana wopita kusukulu. Wopanga dziko ndi amene amasankha zoikamo, ndipo ife sitinafunsidwe.

Ndiye inu achinyamata amene mumandiuza kuti mukufuna kudzapanga GTA ya Mangochi, cholinga chake ndi chabwino, koma mwamva mtengo wake. Ku Cameroon kuli kagulu kotchedwa Kiro'o Games. Mu 2016 anatulutsa Aurion, gemu yozikidwa pa miyambo ya mu Africa, ndipo anaipanga movutikira, magetsi akuwazimira ngati ife. Sanayambe ndi mzinda wathunthu ayi, anayamba ndi yojambula pamanja, yoyenda chammbali. Inunso yambani ndi doko limodzi. Bwato limodzi, msodzi mmodzi, nyali, ndi mwera woti ukayamba asankhe kubwerera kumtunda wopanda kanthu kapena kuponyanso khoka kamodzi. Ngati kusankha kumeneko kukupangitsa mnzanu kugwira mtima, gemu mwaipanga, ndipo doko lachiwiri mudzawonjezera pambuyo. Pulogalamu yopangira magemu yotchedwa Godot ndi yaulere, siilemera, imayenda ndi pa laputopu yakale. Kwa ang'onoang'ono kuli Scratch, yaulerenso, yomwe mwana amangolumikiza timabokosi m'malo molemba.

Zonse ziwirizi ndabwera nazo pa fulashi, palibe chifukwa choonongera bandulo. Amene muli ndi laputopu kapena memori khadi mutsale tikatseka msonkhano ndikukopereni. A wapampando, ndaona dzanja la mayi aja kutsogoloku lakhala lili m'mwamba, tiyambe ndi funso lawo.