Banja la Meyer ndi sitima zake zikuluzikulu za ku Papenburg

Takulandirani. Lero tikupita ku Papenburg, tauni yaing'ono ya ku Germany yomwe ili makilomita pafupifupi 40 kuchokera kunyanja. Kutali choncho ndi nyanja, koma n'kumene kumapangidwa zina mwa sitima zapamadzi zazikulu kwambiri padziko lonse.

Kampani yopanga sitimazi, ya Meyer Werft, inayamba mu 1795, pamene Willm Rolf Meyer ankakhoma zombo zamatabwa. Nthawi ina m'tauniyi munali makampani oterewa pafupifupi 20, koma lero yatsala imodzi yokhayi. Chinaipulumutsa n'chiyani? Mu 1872, Joseph Lambert Meyer anasiya matabwa n'kuyamba kupanga sitima zachitsulo zoyendera nthunzi.

Imvani izi tsopano. Mu 1913 anapanga sitima yotchedwa Graf Goetzen, kenako anaiphwasula n'kuilongedza m'mabokosi pafupifupi 5,000. Mabokosiwo anayenda panyanja mpaka ku Dar es Salaam, kuchoka apo pa njanji mpaka ku Kigoma, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, kumene amisiri a Meyer anailumikizanso. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itafika povuta mu 1916, Ajeremani, omwe ankalamulira deralo nthawi imeneyo, anaimiza dala kuti adani asaitenge. Koma amisiriwo, poimvera chisoni ntchito ya manja awo, anayamba apaka injini zake girisi wambiri. Angerezi ataivuula, mu 1927 inayambanso kuyenda ndi dzina loti Liemba, ndipo yanyamula anthu pakati pa Kigoma ndi Mpulungu, ku Zambia, kwa zaka zambirimbiri. Umisiri wotere ine ndimauvulira chipewa.

Sitima zoyendera alendo okaona malo anayamba ndi Homeric, yomwe anaipereka mu 1986. Vuto ndi mtsinje wa Ems, womwe sitimazi zimadutsamo popita kunyanja: ndi wopapatiza komanso wosazama. Sitima ikatha kupangidwa, amatseka chipata cha madzi ku Gandersum kuti mtsinje udzaze, kenako maboti amaikoka chobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono, chifukwa motero ndi mmene imawongolekera bwino. Oteteza chilengedwe akhala akudandaula kuti kukumba mtsinjewu kwauwononga, ndipo dandaulo lawo n'lomveka.

Mliri wa Covid-19 ndi kukwera mitengo kwa zitsulo ndi magetsi zinaifooketsa kampaniyi. Mu 2024, boma la Germany ndi la chigawo cha Lower Saxony linagula magawo 80 pa 100 alionse pa mtengo wa mayuro 400 miliyoni, pofuna kuteteza ntchito za anthu oposa 3,000. Banja la Meyer, litayendetsa kampaniyi kwa mibadwo 7, linatsala ndi magawo pafupifupi 20 okha.